Nyale Yako Ilibe Mlandu

Lululululu! Elube iwe, Elube mwana wa mng'ono wanga, mutu wakuthwa ngati mpeni wodulira tiyi! Ndani wina m'malaini onse ano, kuyambira kufakitale mpaka kumlatho, amene anaitanidwapo kukoleji ndi kalata ya chidindo? Ana a makalaliki angokhala ndwii pakhomo, ana a akapitawo akupalasa kabaza, koma mwana amene wakulira m'nyumba ya wothyola tiyi ndi amene akupita ku Blantyre kukaphunzira zamagetsi. Wandiveka ulemu, mwana iwe. Tsiku limene kalata ija inabwera ndinavina m'munda mpaka dengu kugwa kumsana, anzanga nkumati mayiyu wapenga.

Ndiye uli bwanji ku Khonjeniko? Amayi ako mwendo uja ukuwalola kuyenda? Ine ndili bwino, kungoti msana. Mvula ino tiyi waphuka ngati wamisala, tikumaweruka mochedwa, ndipo kapitawo wakana kuti ndijombe mawa. Ndiye sindikuperekeza. Moni wathera pamenepa. Tsopano khala pansi uwerenge bwinobwino, chifukwa ndakwiya, ndipo ndakwiyira anthu atatu: amalume ako, iweyo, ndi ine mwiniwakene.

Ndamva. Usaganize kuti poti uli ku Khonjeni ndiye nkhani sizifika kuno. Akuti mawa akuperekeza ndi amalume ako a Wyson, ndipo mukafika kukolejiko akalowa mu ofesi kukanena kuti akuchotse ku zamagetsi akulembe ku zotayipa. Akuti iwe wavomera. Akuti unangoti, “Chabwino amalume, mwina zamagetsizo si zanga.” Elube! Pakamwa pako pomwepo panatuluka mawu amenewo? Zaka zonsezi ukutolera timawaya m'nyumba mwanga muno, ine kumapondapo usiku nkumatukwana, lero uziti si zako? Chifukwa cha kanyale kamodzi kamene kanakana kuyaka Lamulungu?

Za Lamulunguzo ndizibwereze, ngakhale zikuwawa, chifukwa pali zimene iwe sukudziwa. Ndine ndinaitana anthu kuti adzatsanzikane nawe. Ndine ndinaphika nyemba za kalongonda ndi nkhuku ija. Ndinenso ndinayenda khomo ndi khomo sabata yonse kudzitama kuti mwana wanga wapanga nyale yoyaka yokha kukada, yozima yokha kukacha, popanda munthu kuikhudza. Dzuwa litapendeka ndinaiika patebulo, nkuuza anthu kuti wina asayatse koloboyi, dikirani muone. Tinadikira. Kunja kunayamba kuda, m'nyumba tinasiya kuonana nkhope, amayi a kumvano aja akungotsokomola. Nyale zii. Kenako mumdimamo anayamba ndi amalume ako.

“Achemwali, injiniya wanuyu tizimudikira mpaka tambala?”

Anthu gwaa kuseka. Iwe unanena motsitsa kuti mwina mabatire atha. Iwo anatembenukira kwa ine. “Mabatire munagula liti, achemwali?” Ine ndinati Lolemba, atsopano, a m'pepala. “Mwamva? Atsopano. Nditi mkazi ndi mawaya wapi ndi wapi. Tandipatsani machesi tione mbale zathu.”

Ndiye iwe unandifunsa funso limodzi. Unati, “Amayi aakulu, sabata yonseyi ine kulibe munaisunga pati?” Ine ndinati, “Pawindo pomwe paja.”

Ndinanama, Elube. Werenganso. Ine amayi ako aakulu, wa yunifolomu ya mvano, ndinakunamiza pamaso pa anthu.

Zinayenda chonchi. Lolemba lija utapita kwa amayi ako, ndinagula mabatire nkuika. Kenako ndinaganiza kuti ndikaisiya pawindo iziyaka usiku uliwonse, pofika Lamulungu mphamvu idzakhala itachepa, alendo sadzaiona kuwala kwake kwenikweni. Ndiye ndinati ipume. Ukudziwa mmene timachitira ife ndi chinthu cha mtengo wapatali. Ndinaikulunga m'chitenje changa cha ukwati chija, nkuiika pansi penipeni pa bokosi la zovala, pamwamba mabulangete, nkukhoma loko. Sabata yonse ndinabwerera ku koloboyi, nkumadziyamikira kuti ndine mayi wosamala. Osadziwa kuti m'bokosi ndi mumdima! Kanyale kako kanaona kuti kwada, nkuyaka, monga unakapangira. Kanayaka Lolemba, kanayaka Lachiwiri, usana ndi usiku, kuunikira mabulangete, mpaka mabatire kuuma gwa. Ndinaitulutsa Lamulungu masana, ndipo poti masana simayaka kale, sindinadabwe kanthu.

Nzeru zinandibwerera pamene unandifunsa funso lija. Pompo ndinakumbukira tsiku limene unandionetsa, utatseka kadiso kake koonera kuwala ndi chala masanasana, iyo nkuyaka. Koma ndinayang'ana amalume ako, ndinayang'ana amayi a kumvano, nkuona kuti ndikanena za bokosi mpaka kumwalira kwanga dzina langa likhala Mayi Wotsekera Nyale. Ndiye manyazi anga ndinakusenzetsa iweyo. Ndinakhala chete ukutuluka, ndinakhala chete ndikumva kanthu kakugwera kudzala, m'mawa mwake ndinakhalanso chete ukukwera njinga osandiyang'ana. Galu amaposa ine, amauwa mwana wake akamamenyedwa.

Utangochoka ndinalowa m'dzalamo. Mvula inali itagwa, ndinafukula makoko a nthochi ndi nthenga za nkhuku ija mpaka kuipeza. Botolo limene unaipangiramo linang'aluka pang'ono, koma zamkati zili bwino. Ndinaiyanika padenga, poweruka nkugula mabatire ena. Kuika, kutseka kadiso ndi chala: waa! Kuchotsa chala: zii. Sindinakhutire. Ndinaiika m'bokosi momwe muja, kutseka, nkutukula chivundikiro pang'onong'ono, diso limodzi kusuzumira ngati wakuba. Ikuyaka, Elube. Ikuyaka mwakhama pakati pa mabulangete. Ndinakhala pansi pomwepo nkulira, kenako kuseka, kenako kutukwana m'Chilomwe mpaka a nyumba yoyandikana kugogoda khoma. Nyale yako ilibe mlandu. Wamva? Ilibe mlandu.

Koma usaganize kuti poti ndavomera kulakwa ndiye iwe wapulumuka. Iwenso wandikwiyitsa. Unaitaya bwanji osaitsegula nkomwe? Kodi si iwe yemwe uja unakhala miyezi itatu pakhonde langa, msomali pambaula, ukusungunula mtovu mpaka zala kutuluka matuza? Ine sukulu ndilibe, koma ndinkakuona, ndipo ndikhoza kukuwerengera. Kababu unachotsa m'tochi yakufa. Kadiso kaja, ka mzere wokhotakhota pankhope, anakupatsa a Mhango a zamagetsi kufakitale, kuchokera m'nyale ya pageti imene ankataya. Ka miyendo itatu kaja unati ndi kapitawo wake, kamamva kwa kadiso nkutsegula kapena kutseka njira ya moto. Timikanda ta mizeremizere unati timachepetsa moto kuti kababu kasapse. Ulendo woyamba ka miyendo itatu kananunkha nkupsa chifukwa unakatembenuza. Sunalire, unakasaka kena. Ulendo wachiwiri inkayaka masana nkuzima usiku, ine nkumati iyi ndi nyale ya akadzidzi, iwe unangosinthanitsa timawaya. Ulendo wachitatu inkangophethira ngati munthu wa chitsotso m'maso, unakhala masiku awiri osadya bwino, mpaka unatulukira kuti kadiso kakuona kuwala kwa babu lake lomwe nkumayesa kwacha. Unakaloza kuwindo, nkhani nkutha. Katatu konseko panalibe wokuseka, ndiye unali ndi mtima wofufuza. Lamulungu anthu angoti hehede, basi nzeru zonse kudzala? Ndiye kuti nzeru zako zimayaka ukakhala wekha basi?

Ndikuuze za wailesi, poti mwina unasunga kumtima. Uli Fomu 2 ndinakupeza utamasula wailesi ya malemu bambo ako aakulu, zidutswa mbwee pamphasa. Sindinafunse. Ndinakukwapula ndi kamtengo ka bulugamu mpaka unagona chafufumimba. Wailesiyo inali itafa zaka zinayi, ine ndinkangoifunditsa kansalu koluka nkumaipukuta Loweruka lililonse ngati manda. Patapita masiku atatu ndikubwera kumunda ndinamva munthu akulankhula m'nyumba, ndinayesa alendo. Wailesi. Sindinakupepese tsiku limenelo, ndinangokuwonjezera ndiwo. Ukuona tsopano kuti matenda anga ndi akale? Chinthu ndikachikonda ndimachifunditsa. Ndiye ukamamva akuluakulu akuti izi usakhudze, izi si zako, uzidziwa kuti ena mwa iwo ndi amantha chabe ngati ine.

Ndikuuzenso za sukulu yanga, imene ndimangoti ndinasiya chifukwa cha fizi. Si fizi. Ndinali Sitandade 4 ku Nsabwe, ndipo masamu ndinkawatha kuposa amalume akowo, akafunse mtima wawo. Tsiku lina aphunzitsi anandiitana kubolodi. Poimirira, diresi langa, limene linali lakale la amayi, linakodwa pamsomali wa benchi nkung'ambika kumbuyo konse. Kalasi yonse gwaa. Ndinathawa nditagwira kumbuyo, osabwereranso. Aphunzitsi anabwera kwathu kawiri, ine ndinabisala m'munda wa chinangwa. Ana amene anandisekawo pofika Lachisanu anali ataiwala, lero ena anamwalira, ena tikakumana ku Masambanjati sandizindikira nkomwe. Koma ine kuseka kwa tsiku limodzi kumeneko ndakusenza kumsana zaka makumi atatu, nkumakuthira tiyi m'mawa uliwonse. Ukufuna dengu, Elube? Lilipo lina, lamba wake ndi wabwinobwino. Bwera udzatenge.

Ndipo si kamodzi. Chaka chimene unabwera kudzakhala ndi ine, kufakitale ankafuna anthu oti aphunzire kuyendetsa makina osefera tiyi. Bwana wina anaona kuti manambala a pasikelo ndimawerenga msanga, anati mayi inu bwerani muyese. Mkati mwa fakitale, Elube, mopanda mvula, mopanda misundu. Ndinapita tsiku limodzi. Potuluka nditavala ovolosi, azimayi anzanga pampopi anayamba, “Moni abambo! Ndevu zimera liti?” Mawa lake ndinabweza ovolosi. Amene analowa m'malo mwanga ndi mwamuna woti dzina lake lomwe amachita kudinda chala. Azimayi aja mpaka lero tili limodzi m'mizere, mvula ikutimenya tonse mofanana, ndipo palibe anabwerapo kudzati pepa. Anthu oseka salipira kanthu, mwana wanga. Amaseka nkupita kukagona.

Dzulo ndinawapitira amalume ako kusikelo kumene amatilemba makilo. Ndinadikira mzere uthe, ndipachike dengu langa, alembe makilo anga kaye, poti munthu wogwira pensulo sumukwiyitsa asanalembe. Kenako ndinati, “Achimwene, nyale ija ndine ndinaipha. Ndinaitsekera m'bokosi.”

Anaseka mpaka kuvula magalasi. “Ndiye mwabwera kudzandiuza kuti m'banja mwathu opusa ndi awiri?”

Ndinati, “Wopusa ndi mmodzi, ndi ine. Mwana musiyeni.”

“Achemwali, inu za sukulu mukudziwapo chiyani? Mtsikana azikakwera mapolo, anthu pansi akuyang'ana? Adzamukwatira ndani? Zotayipa ndi ntchito yaulemu, amakhala pampando, pafupi ndi mabwana. Ine ndine mwinimbumba, ndalankhula.”

Ndinati, “Mwinimbumba munali kuti pamene mbumbayo inkawerenga ndi koloboyi mpaka mamina kuda? Munabweretsapo ngakhale botolo limodzi la parafini? Ndipo pampando mwakhala inu zaka zonsezi, mwapangapo chiyani choyaka?”

Anthu a pamzere wachiwiri anali atafika, ndiye amalume ako anangoti, “Chotsani dengu lanu, mukuchedwetsa anthu.” Sanasinthe maganizo, ndisakunamizenso. Mawa abwera ndithu, atavala jekete yawo ija, ndipo akalankhula Chingerezi chambiri mu ofesimo.

Ndiye tamvera zochita. Kalata yokuitana ija, imene palembedwa dzina lako ndi zamagetsi, usawapatse kuti akusungire. Akati bweretsa ndiike m'thumba la jekete isanyowe, uwauze kuti zikomo amalume, ili pabwino. Uiike mkati mwa bulauzi. Mukafika, gwada, apatse ulemu wawo wonse, ndi amalume ako ndipo tsiku la ukwati wako tidzawafuna. Koma wa mu ofesi akafunsa kuti mtsikana iwe ukufuna chiyani, usayang'ane pansi, usayang'ane amalume, usanene kuti zilizonse. Unene ndi pakamwa pako kuti zamagetsi. Ndinafunsa a Mhango, akuti amene amasayina fomu ndi wophunzira, osati womuperekeza. Dzanja ndi lako. Akakalipa akalipe, msewu wobwerera ku Thyolo ndi wautali, akafika mtima utatsika.

Nyale ndakutumizira pamodzi ndi kalatayi, ili m'jumbo yakuda. Usaope, mabatire ndachotsa, ndamanga padera m'kansalu. Kusukulu ndinathawa koma phunziro ili lokha ndakhoza. Madzulo ano uike mabatirewo, uitane amayi ako, uwawerengere ndime ya bokosi ija mokweza, osadumpha mawu. Amayi ako ndi ofatsa, chilichonse chonena mchimwene wawo amangoti eya, koma maso ali nawo. Amalume akafika m'mawa uwapemphe chipewa chawo mwaulemu, uvundikire kadiso, aone okha. Ku mvano ndikanena ndekha Lachinayi, nditaimirira. Andipatse dzina limene akufuna.

Kumene ukupitako akakuseka, usayese kuti zathera kuno. Mwina m'kalasi monse mtsikana ukakhala wekha kapena awiri. Tsiku lina ukalumikiza zinthu aphunzitsi ndi anyamata onse atakuzungulira, nkukana kuyaka. Tsiku limenelo ukayerekeze kutaya! Ukatsegule. Ukayambe mabatire, ukalondole waya mmodzimmodzi monga unkachitira pakhonde. Ukafunse amene anachigwira iwe kulibe, ndipo akayankha msangamsanga ngati mmene ndinayankhira ine, ukafunsenso kachiwiri ukumuyang'ana m'maso. Munthu wamkulu amanama akachita manyazi, ngakhale wokukonda. Sindinkafuna kuti uphunzirire pa ine, koma waphunzira, usaiwale.

Zinazi ukuzidziwa kale, sinditaya inki. Magetsi a kumeneko si a mabatire, amapha, ndiye usamagwire ndi manja onyowa ndipo usamachite matama. Mnyamata wokuuza kuti bwera ndikulumikizire, iwe ungokhala apo uzioneka bwino, ameneyo ndi mdani, ngakhale akugulire chipisi. Wokubwereka pulayala nkukusiya ugwire wekha, ameneyo ukhoza kumupatsa moni. Uzidya. Iwe ukagwira timawaya umaiwala m'mimba, ndipo kumeneko kulibe wokukalipira kuti tadya kaye. Juzi ija ndaika m'jumbo momwemo, unaiiwala pachingwe pothawa.

Komanso ukakhala ndi mpata, mayi wako wamkulune undiganizireko. Chichokereni nyale ija pawindo, m'nyumba muno mwabwerera utsi, ndipo ndikamachokera kusikelo mochedwa ndikumalowa mopapasa. Miyezi yonseyi ndinazolowera kuti ndikangokhota pa mtengo wa mapeyala ndiziona kawindo kanga kokha kakuwala m'laini monse, anzanga nkumafunsa kuti kodi mwasiyamo ndani. Ngakhale nthawi ya chiperoni, kukada masana, inkandidikira itayaka. Ukadzabwera pa holide udzandipangire ina. Koma udzaikepo kotsekera, koti munthu wopusa akafuna kuisunga azitha kuizimitsa.

Wa kabaza wayamba kuliza belu panja, akuti akufuna akafike ku Khonjeni kusanade, ndipo dzanja langa latopa, sindinalembepo zambiri chonchi chibadwire. Kundikhululukira usafulumire, ndi zako zimenezo, ukhoza kundikwiyira mpaka Isitala. Koma mkwiyo wako usakathere pa fomu ija.

Mwezi ukatha tikalandira, ndidzakutumizira ndalama papositi, za sopo ndi zina zimene akakuuzeni kuti mugule. Pa envelopu ndidzalemba dzina lako, pansi pake ndidzalemba kuti kalasi ya zamagetsi, ndi zilembo zikuluzikulu. Ikakapanda kukupeza kumeneko nkubwerera kuno, ndidzajomba, kapitawo adule zimene adule, ndidzakwera basi ndi zovala za m'munda zomwezi, ndidzalowa m'kalasi ya zotayipayo anzako onse akuona, nkukutulutsa chogwira khutu. Ukundidziwa.

Uyende bwino, mwana wanga. Mulungu atsogole.

Ndine amayi ako aakulu,
Estere